Chiperoni Ikatsika, Ndege Inyamuke Kapena Idikire?

Kaya muli m'tauni ya Milange mom'muno, kaya kuseri kwa phiri la Tumbine, ku Majaua, ku Mongue, kaya tsidya lija la Muloza kwa abale athu a ku Limbuli ndi ku Mulanje, takulandirani. Sendezani wailesi pafupi. Lero tikamba za ndege zing'onozing'ono zija zimatera pa mabwalo afumbi, komanso za momwe munthu angadziwire ngati kampani yoyendetsa ndege zoterezi ili yoti n'kuipatsa moyo wa m'bale wake.

Ndiyambe ndi chinthu chomwe aliyense wa ife anachidziwa akadali kumbuyo kwa mayi ake. Mwezi wa Juni kapena Julaye mumadzuka m'mawa n'kupeza Tumbine kulibe. Dzulo madzulo linalipo, mitengo yake ikuoneka bwinobwino, koma lero kwangoti mbuu. Kukugwa kamvula kamawawa, kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Anyamata a kabaza avala majekete awiriawiri, amayi a ku Feira afunditsa matumba a chimanga ndi mapepala apulasitiki. Timati kwabwera chiperoni. Anthu a ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Zomba amatchula dzina lomweli, ambiri osadziwa kuti ndi dzina la phiri la m'boma lathu lino, Chiperone, kum'mwera kwa tauni ino, lomwe kutalika kwake kumapitirira mamita 2,000. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere ikafika pa mapiri athuwa imakwera, imazizira, n'kusanduka mtambo wokwawa pansi. Tiyi amakondwa nayo nyengo imeneyi. Woyendetsa ndege yaing'ono amaiopa kuposa china chilichonse, ndipo ayenera kuiopa, pakuti mkati mwa mtambowo muli Tumbine, muli Chiperone, ndipo tsidya lija muli Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, pa mamita 3,002.

Wina anganene kuti, kodi ife za ndege zikutikhudza bwanji, poti ulendo wathu ndi wa chapa, wa njinga ndi wa phazi? Akuluakulu omwe anaona nkhondo angakuyankheni bwino kuposa ine. Milange inagwa m'manja mwa Renamo mu 1986, boma linailandanso mu 1988, ndipo zaka zimenezo misewu ya Zambezia inali yodzaza mabomba okwirira ndi zigawenga. M'matauni ambiri a m'chigawo chino chimanga, mankhwala ndi anamwino zinkafika pa ndege zing'onozing'ono zochokera ku Quelimane. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo utadula msewu pa Mocuba, dziko linagawika pakati, ndipo thandizo lofulumira linadzera mumlengalenga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atakokolola milatho, kunali midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe yomwe inkafikika pa helikopita pokha. Lero lino kampani ya Ambassador Aviation ya ku Nampula, yomwe ndi nthambi ya amishoni a Mission Aviation Fellowship, imanyamula madokotala kupita kumidzi ya m'nkhalango ya Niassa. Ndege yaing'ono imabwera kwa ife tsiku lomwe msewu watikana. Imanyamula wodwala wathu, namwino wathu, mtsogoleri wathu. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu.

Pa 27 Malichi 2017 ndege ya kampani yaing'ono ya ku Beira, ETA Air Charter, inanyamuka m'mawa kulowera ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe. Inali ya mtundu wa Britten-Norman Islander, ya injini ziwiri, ndege yolimba yomwe inapangidwira mabwalo aafupi ndi okumbikakumbika. Inanyamula akuluakulu anayi a kampani ya Cornelder, yomwe imayendetsa ntchito za katundu pa doko la Beira, pakati pawo bwana wamkulu wa kampaniyo, Adelino Mesquita. Oyendetsa anali awiri. Kuchokera ku Beira dziko ndi lathyathyathya, koma pofika m'malire limadzuka mwadzidzidzi kukhala mapiri a Vumba, monga momwe limadzukira kuno munthu akamachokera ku Mocuba. Nyengo m'mapirimo inali yoipa tsikulo. Ndegeyo inawomba phiri, ndipo anthu onse asanu ndi mmodzi anafera pomwepo.

Kuti timvetse zomwe zimachitika m'kachipinda ka woyendetsa pa nthawi ngati imeneyi, tidziwe kuti kuuluka kuli pawiri. Ndege zikuluzikulu, ngati za LAM zopita ku Maputo, zimauluka podalira zida. Zimakwera pamwamba pa mapiri onse, zimatsata njira yolembedwa kale, ndipo pali munthu pansi yemwe akuzilondolera pa wailesi mpaka zitatera. Ndege zambiri za kumidzi zimauluka podalira maso. Woyendetsa amayenera kuona pansi, kuona mtsinje, msewu, phiri, ndipo lamulo limamuletsa kulowa mumtambo. Bwalo lafumbi lilibe zida zomutsogolera potera, nthawi zambiri lilibenso munthu woyeza nyengo. Uthenga wa nyengo umakhala wa pafoni, wochokera kwa mlonda kapena mphunzitsi wapafupi, yemwe amayang'ana kumwamba n'kunena kuti kukuoneka ngati kuyera.

Tsono taganizani, woyendetsa wanyamuka kuli dzuwa. Atauluka theka la ola, akupeza mtambo patsogolo. Akatsika pang'ono kuti adutse kunsi kwake, akuonabe pansi, mtima ukhala m'malo. Mtambo ukutsikabe, iyenso akutsika. Pamene iye akutsika, nthaka ikukwera, chifukwa akuyandikira mapiri. Mpata wa pakati pa mtambo ndi mitengo ukucheperachepera ngati khomo la mono, lomwe nsomba imalowa mosavuta koma kutuluka n'kosatheka. Pofika poti atembenuke, chigwa chapanikiza, mapiko alibe malo. Ndege yabwinobwino, injini zikulira bwino, mafuta alimo, imakawomba phiri lomwe woyendetsa sanalione.

Akasankha kulowa mumtambo momwemo, pali msampha wina. M'khutu mwa munthu muli kachiwalo komwe kamatiuza ngati taima chilili kapena tapendekeka. Maso akasowa choona, kachiwalo kameneka kamanama. Ndege imapendekeka pang'onopang'ono munthu akumva ngati ili bwino. Mu 1954 akatswiri a pa yunivesite ya Illinois ku America anayesa oyendetsa ndege 20 omwe sanaphunzire kuuluka ndi zida zokha. Anawatchinga kuti asaone kunja. Onse ndege inawapulumuka m'manja, ndipo pa avereji zinangotenga masekondi 178. Mphindi zitatu sizinakwane.

Abale athu a tsidya lija bala lawo likadali laliwisi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, yemwe ankapita kumaliro a Ralph Kasambara. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse asanu ndi anayi anamwalira. Ndikudziwa kuti ambiri akadali ndi mafunso pa imfa imeneyi, ndipo wofedwa sitimuletsa kufunsa. Ine ndingonena zomwe analemba akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, a bungwe la BFU, omwe boma la Malawi linawaitana. Iwo anapeza kuti ndegeyo inkauluka podalira maso, chapansipansi, m'nyengo yoipa, inalowa m'chifunga n'kuwomba mtunda wokwera. Anapezanso kuti munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena kayendedwe ka ndege, moti njira yomwe inadutsa anaitola m'kachipangizo ka GPS. Ndipo pali chinthu china chomwe chimandiwawa nthawi zonse ndikachikumbukira. M'ndege mumakhala kachipangizo komwe ntchito yake ndi kukuwa ndege ikagwa, kutumiza chizindikiro kuti ofunafuna adziwe pomwe ili. Batire la kachipangizo ka m'ndege imeneyi nthawi yake inatha mu 2004. Zaka 20 zinadutsa. Asilikali, apolisi ndi anthu wamba anasakasaka m'chifunga, ndegeyo n'kupezeka tsiku lotsatira.

Ndege imeneyi inali ya asilikali, osati ya kampani, koma phiri ndi chifunga sizisankha. Ndipo musandimve molakwa, sindikuloza chala aliyense mwa omwe anatisiya pa ngozi ziwirizi. Chomwe ndikufuna tione n'chakuti ndege zing'onozing'ono kawirikawiri zimanyamula anthu omwe akudikiridwa kwinakwake. Kuli msonkhano, kuli maliro, kuli wodwala, kuli alendo omwe alipira ndalama zambiri. Wokwera sachita kulankhula kuti tiyeni tizipita. Kungoyang'ana wotchi kokha, woyendetsa wamva. Ndipo woyendetsa wa kampani yaing'ono nthawi zambiri ndi mnyamata kapena mtsikana yemwe akusonkhanitsa maola ouluka kuti tsiku lina adzalembedwe ntchito ku kampani yaikulu. Kumbuyo kwake kwakhala munthu wa msinkhu wa bambo ake, wa udindo, ndipo ife tinaleredwa kuti wamkulu sitimubweza mawu. Akuluakulu omwewo ndi amene anatiuzanso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndinaona ndi maso anga momwe zimakhalira. Zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza gulu la azaumoyo pa bwalo lina lafumbi m'chigawo chathu chino. Ndege inali ya injini imodzi, ya mipando isanu ndi umodzi. Woyendetsa anali wachinyamata, wosalankhulalankhula. Anayamba wayenda wapansi bwalo lonse, uku akuponda malo ofewa ndi chidendene, akuyang'ana ziswe ndi mbuzi. Atabwerako anatenga kabotolo koonekera mkati, anakhetsera mafuta pang'ono kuchokera pansi pa phiko, n'kukweza kabotoloko kudzuwa kuti aone ngati pansi pake padikha madzi. Anakwera pa phiko, anatsegula thanki, anaviika kamtengo koyezera, osakhulupirira geji yokha. Kenako anatulutsa sikelo, yonga ya kuchipatala ija, n'kutiyeza mmodzimmodzi, ife ndi zikwama zathu, akulemba m'kabuku.

Nthawi inali itapitirira 12 koloko, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wa gululo anali atapatsidwa thumba la mpunga ndi anthu a m'mudzimo. Woyendetsa anawerengetsa, n'kunena kuti, "Pepani bwana, thumbali litsale." Bwanayo nkhope inagwa. Anati ndegeyi inabwera ndi makatoni a mankhwala olemera kuposa thumbali, lero yalephera bwanji? Mnyamata uja anayankha modekha kuti anabwera m'mawa kukuzizira, ndipo kunali kutera. Kunyamuka masana kukutentha ndi nkhani ina, pakuti mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko saugwira bwino, injini nayo mphamvu imachepa, ndege imafuna bwalo lalitali, pomwe kumapeto kwa bwaloli kuli mitengo ya mango. Bwanayo anaumirira. Woyendetsa anati, "Bwana, mukafuna thumba likwere, mmodzi wa ife atsale." Thumbalo linatsala. Titanyamuka ndinayang'ana pawindo, ndipo nsonga za mango zija zinadutsa pafupi kwambiri moti ndinatha kuona masamba ake amodziamodzi.

Chiyambire tsiku limenelo, munthu akandifunsa ngati kampani yakutiyakuti ili yodalirika, sindithamangira kuwerenga ngozi zake. Kuwerenga ngozi kokha kumasocheretsa. Pa 6 Novembala 1987 ndege yaing'ono ya Air Malawi, ya mtundu wa Skyvan, ikuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, inawomberedwa ndi asilikali pafupi ndi Ulongwe ku Angonia, m'chigawo cha Tete. Anthu khumi anafa. M'mabuku imeneyi imalembedwa ngati ngozi ya kampaniyo, koma sikutiuza kanthu za amakaniko ake. Ikutiuza za nkhondo, ndi za kuopsa kodutsa pamwamba pa malire nthawi yomwe maiko awiri akukayikirana. Komanso pa 3 Disembala 2010 ndege ya Kaya Airlines ya mtundu wa Beechcraft 1900 inagwa usiku isanafike pa bwalo la Maputo. Ndege inaphwanyika, koma anthu onse 17 anatuluka amoyo. Wowerenga maliro okha anganene kuti palibe chinachitika, chikhalirecho pakati pa tsoka limenelo ndi maliro a anthu 17 panali mpata wochepa zedi.

Palinso vuto la kuchepa kwa nambala. Kampani ya ndege zitatu ikhoza kukhala zaka khumi osachita ngozi chifukwa chosamala, ikhozanso kukhala zaka khumi zomwezo chifukwa cha mwayi chabe. Tonse timawadziwa madalaivala a chapa a pa msewu wa Mocuba omwe sanagwepo, koma matayala awo ndi osalala ngati chikhatho, ndipo amapitirira galimoto inzawo pokhota. Sanagwepo, inde. Kodi mwana wanu mungamukweze? Akatswiri amawerengera ngozi poyerekeza ndi maola omwe ndege zauluka, ndipo kampani yaing'ono maola ake ndi ochepa kwambiri moti ngozi imodzi imaidetsa kopitirira muyeso, pomwe kusowa kwa ngozi kumaiyeretsa kopitirira muyeso.

Nanga boma? Kuno kwathu chiphaso choyendetsera kampani ya ndege chimaperekedwa ndi bungwe la IACM, Instituto de Aviação Civil de Moçambique. Mu Epulo 2011 maiko a European Union anaika makampani onse a ndege a Mozambique pa mndandanda wa oletsedwa kuuluka ku Ulaya. Chifukwa chachikulu chinali chakuti bungwe loyang'anira linalibe mphamvu zokwanira zoyendera ndi kulondoloza makampaniwo. Chiletsocho chinachotsedwa mu Meyi 2017, bungwelo litakonza zambiri. Taonani masikuwo: miyezi iwiri inali isanakwane chichitikire ngozi ya ku Vumba. Kuyendera kwa boma n'kofunika kwambiri, ndipo ndimayamikira kuti dziko lathu linatuluka pa mndandanda umenewo. Koma woyendera amaona mabuku, ziphaso ndi ma injini. Sakhala nawo m'ndege m'mawa womwe chifunga chatsika pa phiri.

Mbiri yomwe ine ndimaifuna pa kampani ndi ya maulendo omwe inakana. Kodi chaka chathachi inaimitsa maulendo angati chifukwa cha nyengo? Woyendetsa akabwerera panjira, amalipidwabe, kapena amakaitanidwa ku ofesi kukafotokoza za mafuta omwe awonongeka? Kodi okwera amayezedwa pa sikelo, kapena amangoyang'anidwa ndi maso? Batire la kachipangizo kokuwa kaja linasinthidwa liti? Pali munthu ku ofesi yemwe amatsata ndege ili m'mwamba, woti ikachedwa ndi mphindi makumi awiri ayamba kuimba mafoni? Inu a mipingo, a mabungwe, a ku ofesi ya boma omwe mumachita hayala ndegezi, mafunso amenewa muli ndi ufulu wofunsa, pakuti ndalama ndi zanu ndipo anthu ndi anu. Kampani yosamala imayankha mosavuta, mwinanso mokondwa. Ndipo mukafunsa, dzifunseninso nokha: tsiku lomwe woyendetsa adzakuuzeni kuti lero sitinyamuka, mudzamuthokoza, kapena ulendo wotsatira mudzafuna kampani ina yomwe siikana? Makampani amaphunzira kwa makasitomala awo. Tikamathawa okana n'kumalipira ololera, tikuphunzitsa oyendetsa achinyamata kulowa m'chifunga.

Pali dandaulo lina lomwe ndili nalo. Malamulo a bungwe la ICAO, lomwe limayang'anira za ndege padziko lonse ndipo Mozambique ndi Malawi ndi mamembala ake, amati ngozi ikachitika, dziko lomwe ndege yagwera ndilo litsogolere kafukufuku. Lipoti loyamba lituluke pasanathe masiku 30, lomaliza liyesetsedwe kutuluka pasanathe chaka, ndipo cholinga chake ndi kupewa ngozi ina, osati kupeza woti amangidwe. Nzeru yake ndi yabwino: makaniko kapena woyendetsa akadziwa kuti sakumusaka, amanena zoona. Koma malipotiwa akatuluka amakhala m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi cha akatswiri, pa intaneti, kutali ndi mayi wa ku Majaua yemwe anamva za ngoziyo pa wailesi. Malo omwe lipoti silinafike, mphekesera imafika. Ena amati ndi ufiti, ena amati ndi adani, ndipo phunziro lenileni la batire, la sikelo, la chifunga limatayika. Wailesi ngati ino ikuyenera kumatenga malipoti amenewa n'kuwamasulira m'Chichewa ndi m'Chilomwe, tsamba ndi tsamba, ngakhale atakhala otopetsa kumva.

Nditsirize ndi gawo lomwe ndi lathu enieni, ife a pansi. Pa 20 Ogasiti 2024, patangopita miyezi iwiri chichitikire za ku Chikangawa, ndege yaing'ono ya kampani ya Nyasa Express, ya mtundu wa Cessna 210, ikuchokera ku Nkhotakota kupita ku Liwonde, inagwera m'nyanja ya Malawi. Munali anthu atatu. Awiri, woyendetsa ndi wokwera mmodzi, anamwalira. Mayi mmodzi wa ku Netherlands anapulumuka, ndipo omwe anamuvuula anali asodzi omwe anali pafupi ndi mabwato awo. Ndi mmene zimakhalira kumadera ngati athu. Quelimane ili pa mtunda wa makilomita oposa 300 pa msewu. Blantyre ili pafupi, koma ili m'dziko lina, ndipo pakati pali zipata ndi zidindo. Ndege ikagwa pa Tumbine kapena pa Chiperone, oyamba kufika adzakhala otola nkhuni, osaka mbewa, alimi a nandolo a m'mphepete mwa phiri.

Choncho mukadzamva ndege ikulira chapansipansi tsiku la chiperoni, mwina ikuzungulirazungulira, kenako phokoso n'kuduka, yang'anani nthawi pa foni kapena pa wotchi, ndipo gwirani bwino mbali yomwe phokosolo linalowera. Uzani amfumu ndi apolisi nthawi yomweyo, ngakhale mukukayika. Ofunafuna akalandira mauthenga atatu ochokera m'midzi itatu yosiyana, amatha kuchepetsa nkhalango yoti asake. Mukafika pamalopo, thandizani amoyo, koma wovulala msana kapena khosi musamunyamule mwachisawawa pokhapokha ngati pali moto. Fodya ndi machesi zikhale kutali, chifukwa mafuta a ndege zing'onozing'ono zambiri amayaka msanga ngati petulo. Ndipo chonde, musatole kanthu. Kachitsulo kooneka ngati kopanda ntchito, kawaya, kafoni kosweka, pepala lonyowa, zisiyeni pomwe zagwera mpaka ofufuza afike. Ku Chikangawa njira yonse ya ndege ija inawerengedwa kuchokera m'kachipangizo kokwana m'thumba la jekete.